Ansible ndi Tailscale patatha chaka ndi theka: makompyuta a ku Mzuzu ndikumawakonza ndili pa Lilongwe pompano

Anzanga a IT amene mumasamalira makompyuta a timaofesi tating'onoting'ono takutali, ndati ndilembeko zomwe ndaona pa zinthu ziwiri zomwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito kwa chaka ndi theka tsopano, Ansible (yokonzera makompyuta ambiri ndi malamulo olembedwa kamodzi) ndi Tailscale (yolumikizira makompyuta a kutali pa intaneti), poti anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti kodi zimenezi zimathandizadi kapena ndi zongotchuka pa YouTube basi. Eya zimathandiza, kwambirinso, koma osati mmene ndinkaganizira ndikuyamba, ndipo pa ziwirizi pali chimodzi chomwe ndimachikhulupirira kuposa chinzake.

Kaye ndifotokoze mmene zinthu zilili kwa ine kuti muone ngati zikufanana ndi zanu. Mmanja mwanga muli makompyuta 14, ambiri ndi ma desktop akale a Dell ndi HP aja ogula pa kaunjika, tinawaika Ubuntu 22.04 nde amagwira ntchito ngati seva ya mafayilo komanso kusunga ka database ka ofesi. Ali ku Mzuzu, Kasungu, Zomba, Mangochi, ena konkuno ku Lilongwe. Palibe olo ofesi imodzi yomwe ili ndi munthu wa IT wakewake, amene amakhala pafupi ndi kompyutayo ndi mlembi kapena akaunti, anthu abwino koma ali ndi ntchito zawo. Intaneti yake maofesi ambiri ndi ka rauta ka 4G koika simukhadi, nde awiri ali mkati mwa netiweki ya bungwe lalikulu lomwe lili ndi firewall yeniyeni, yotsekeratu chilichonse chochokera kunja.

Amene simunakumanepo nazo mwina mukuti bwanji osangotsegula port 22 (khomo la SSH) pa rauta nkumalowa ndi SSH, njira ija yolowera mu kompyuta ya kutali nkumailamula polemba. Ine ndinayesa, ndinataya nazo masiku. Vuto ndi loti pa intaneti ya simukhadi nthawi zambiri rauta yanu siipatsidwa IP yakeyake yapagulu, kampani ya foni imaunjika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi, ndi zija amati CGNAT, nde olo mutsegule port pa rauta yanu mwangotsegula chitseko cha kuchipinda pomwe geti la panja kiyi wake ali ndi eni mpanda. Mukayang'ana pa tsamba la rauta nkuona adiresi yoyamba ndi 100.64 kapena 10 penapake pa WAN, dziwani kuti kuchokera kunja simulowa. Ndipo ku maofesi awiri a firewall aja nkhani yotsegula port sinkhani yoyambitsa nkomwe, ndipo eni ake akulondola kukana.

Chonsecho ntchito zake ndi zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, kupanga update, kuchotsa ma kernel akale asanadzadze /boot, kudula ma log, kuona ngati backup yapangikadi, kuona ngati disiki yayamba kudwala, kuchotsa akaunti ya munthu amene wasiya ntchito. Sizovuta ayi, chovuta ndi kuzipanga pa makompyuta 14 amene sungawafikire.

Poyamba ndinkadalira AnyDesk ndi TeamViewer, mapulogalamu oonera ndi kuyendetsa skirini ya kompyuta ya kutali, ngati aliyense. Zimagwira, koma umapanga kompyuta imodzi imodzi, ndi dzanja, ukuyang'ana skirini yomwe ikubwera mwapang'onopang'ono, ndipo seva yopanda desktop sizigwirizana nazo bwino. Kenako ndinapita ku reverse SSH, ndinabwereka ka VPS (seva yolipira ya pa intaneti) kunja nde kompyuta iliyonse inkadziimbira yokha ku VPS ija ndi autossh, kutsegula ngalande ndi ssh -R, ya ku Mzuzu pa port 2201, ya ku Kasungu 2202, choncho choncho mpaka ndinachita kulemba mkabuku kuti ndisasokoneze. Nzeru yake ndi yolondola ndipo ndi yomweyo yomwe zonse ndikambe apazi zatsamirapo, nthawi zambiri firewall imakaniza wolowa koma wotuluka imamulola, nde kompyuta ya mkati ndi imene iyambe kulankhula. Koma netiweki ikangogwedera ngalande ija inkafa mwakachetechete, mbali ya VPS nkumaganizabe kuti port ija ili pa ntchito, kompyuta ikafuna kulumikizanso nkukanidwa. Zimakonzeka ndi ServerAliveInterval ndi ExitOnForwardFailure komanso ClientAliveInterval mbali ya seva, ndinazikonza ndithu, koma unali mtolo wina woti ndiziusamalira pamwamba pa makompyuta 14 aja, kuphatikiza VPS yolipira mmadola mwezi ndi mwezi, ndipo nonse mukudziwa mmene forex ikuvutira kuno.

Nde Tailscale. Iyi ndi kampani ya ku Canada yomwe inayamba mu 2019, ndipo chinthu chawo anachimanga pamwamba pa WireGuard, VPN ija analemba Jason Donenfeld yomwe inalowa mu kernel ya Linux 5.6 mu 2020. Umaika ka pulogalamu kawo pa kompyuta iliyonse, kulemba tailscale up, kulowa ndi akaunti ya Google, Microsoft kapena GitHub, basi kompyuta ija yapatsidwa adiresi yake yokhazikika yoyamba ndi 100 komanso dzina. Tsiku loyamba lomwe ndinalemba ssh mzuzu-seva ndili kunyumba, kompyuta yomwe ili kuseri kwa rauta ya simukhadi makilomita oposa 300 nkundiyankha, osakhudza rauta olo pang'ono, ndinakhala kaye phee. Zaka zonse zija ndikukwera basi ya mmawa pa M1 chifukwa cha disiki yodzadza.

Mmene imachitira ndi chonchi, makompyuta awiriwo aliyense amatulukira kunja nkuyesa kupezana mwachindunji pa UDP, zikakanika chifukwa NAT yake (kubisa makompyuta kuseri kwa adiresi imodzi kuja) ndi yolimba kapena firewall yatseka UDP yonse, amadutsira pa ma seva a Tailscale otchedwa DERP omwe amalankhula pa port 443 ngati tsamba wamba la HTTPS. Kuno kwathu nthawi zambiri ndikalemba tailscale ping ndimaona ikunena kuti via DERP jnb, kutanthauza kuti uthenga wanga wochoka ku Lilongwe kupita ku Kasungu wayamba wazungulira ku Johannesburg. Pa SSH umangomva kuchedwerako pang'ono polemba, koma osayesa kukoka backup yaikulu kudzera mmenemo. Chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi choti olo zidutsire ku DERP, zimakhala zotsekedwa kuchokera pa kompyuta yanga mpaka pa inayo, seva yapakatiyo imangonyamula katundu osaona zamkati.

Pali zinthu ziwiri zoti muzidziwe musanasangalale kwambiri. Choyamba mukangoyamba kumene, malamulo ake amakhala olola kompyuta iliyonse kulankhula ndi ina iliyonse. Ndiye kuti laputopu ya ku Zomba ikagwidwa ndi kachilombo ili ndi njira yofikira seva ya ku Mzuzu. Pitani ku ACL, komwe kumalembedwa malamulowo, tsiku loyamba lomwelo, ine ndinaika kuti ma seva onse akhale ndi tag imodzi ndipo laputopu yanga yokha ndi imene ingawafikire, pa port 22 pokha, iwo okhaokha asaonane. Chachiwiri adiresi za Tailscale zimachokera mu 100.64.0.0/10, dera lomwelo lomwe linapatulidwira CGNAT mu 2012, nde ngati mwalumikiza dongle ya intaneti mwachindunji pa kompyuta ya Linux ndipo yapatsidwa adiresi ya mdera lomwelo, zimatha kugundana. Mukadutsira pa rauta yomwe imapereka 192.168 mkati palibe vuto.

Komanso tinene chilungamo anzanga, kutha kudutsa firewall sikutanthauza kuti mwaloledwa. Ku maofesi awiri aja ndinayamba ndalembera a IT a bungwelo, kuwafotokozera kuti ndikufuna kuika chiyani, chizilankhula ndi ndani, ndi ndani amene azilowa, ndipo ndinadikira kuti ayankhe molemba. Kwina anavomera zonse, kwina anati Tailscale ayi koma kutuluka kupita ku GitHub, tsamba losungirapo ma code, palibe vuto, ndipo kukana kumeneko ndi kumene kunandikankhira ku chinthu chomwe pano ndimachikonda kwambiri.

Tifike pa Ansible. Anailemba Michael DeHaan mu 2012, Red Hat nkuigula mu 2015, ndi yaulere ndipo ndi ya Python. Umalemba zomwe ukufuna mu fayilo ya YAML yomwe amati playbook, ndipo kukoma kwake ndi koti sulemba kuti chita chakuti, umalemba kuti zinthu zikhale chonchi, phukusi lakuti likhalepo, fayilo yakuti ikhale ndi mzere wakuti, service yakuti ikhale ikuyenda. Ikafika nkupeza zili kale choncho imangoti ok nkudutsa, ikapeza zasiyana imakonza nkunena kuti changed. Ndiye kuti playbook yomweyo ungaiyendetse kakhumi osaononga kanthu, zomwe ma script anga a bash akale sankatha, aja ukayendetsa kawiri umapeza mzere umodzi walembedwa kawiri mu fstab. Palinso --check ndi --diff zokuonetsa zomwe zisinthe usanasinthe, izi ndimazigwiritsa ntchito nthawi zonse.

Njira yomwe aliyense amaphunzitsa ndi yokankha, iwe uli pa laputopu yako ndi mndandanda wa makompyuta, Ansible nkulowa mu iliyonse pa SSH nkugwira ntchito. Ndi Tailscale izi zinatheka bwinobwino, ndinangolemba maina a Tailscale mu inventory, mndandanda uja, basi. Koma apa ndi pomwe ndinaona kuti anthu amene amalemba ma tutorial aja amakhala kumalo komwe ma seva sazima. Ine ndikayendetsa playbook, skirini imabwera ndi mizere yofiira ya UNREACHABLE, ku Mangochi magetsi athima, ku Kasungu bandulo yatha akudikira siginecha ya abwana kuti agule ina, ku Zomba atseka ofesi apita ku maliro ndipo azimitsa chilichonse pa soketi. Sindikukumbuka tsiku lomwe onse 14 anayankha nthawi imodzi. Nde umayamba kusunga mmutu kuti uja walandira update uja sanalandire, mawa kuyesanso, mkuja kuyesanso, mapeto ake makompyuta aja ayambanso kusiyana ngati kale.

Chomwe chinasintha zonse ndi ka lamulo kena komwe kamabwera limodzi ndi Ansible koma sikakambidwa kwambiri, ansible-pull. Apa zinthu zimatembenuka. Playbook umaika mu git, pulogalamu yosunga mafayilo ndi mbiri ya kusintha kwake, ine ndinaika pa GitHub mu repo (foda ya git) yachinsinsi, nde kompyuta iliyonse payokha nthawi yake ikakwana imapita kukatenga repo ija, kufufuza fayilo ya local.yml nkudzikonza yokha. Sindikufunika kuifikira, sindikufunika kudziwa ngati yayaka, laputopu yanga itha kukhala mchikwama. Ya ku Mangochi magetsi akabwera 3 koloko masana imadzuka, kutenga ntchito zomwe ndinalemba Lolemba, kuzigwira, basi. Ndi ngati kusiya uthenga pakhomo mmalo moyenda khomo ndi khomo kugogoda anthu kulibe. Ndipo firewall ilibe nayo ntchito chifukwa kwa iyo ndi kompyuta yamkati yomwe ikutuluka kukatenga zinthu pa intaneti.

Pali tizinthu tomwe ndinaphunzira movutikira toti ndikupatseni kuti musavutike nato. Pouza kompyuta nthawi yoyendetsa ansible-pull osagwiritsa ntchito cron wamba, chifukwa cron nthawi ikadutsa kompyuta ili yozima ndiye kuti yadutsa basi, siibwerera. Gwiritsani systemd timer nkuika Persistent=true, ikayaka imaona kuti inaphonya nkugwira pompo, muikenso RandomizedDelaySec kuti isayambe kukoka zinthu nthawi yomweyomweyo yomwe anthu akutsegula maimelo mmawa. Ku ofesi ya firewall yolimba ija port 22 yotuluka inali yotseka, koma GitHub imalola SSH pa port 443 kudzera pa ssh.github.com, mizere itatu mu fayilo ya config nkhani yatha. Kiyi yomwe mukuika pa kompyuta iliyonse ikhale deploy key yowerenga kokha, iliyonse yakeyake, kuti ina ikabedwa mungochotsa imodziyo. Pali -o yomwe imauza ansible-pull kuti igwire ntchito pokhapokha mu repo mwasintha kanthu, ndi yabwino pa bandulo komanso pa makompyuta ofooka, koma dziwani kuti ndi imeneyo yokha munthu akasokoneza china chake pa kompyutapo sichikonzedwa mpaka mutasintha repo, nde ine ndili ndi ma timer awiri, ina ya ola lililonse yokhala ndi -o, ina ya kamodzi patsiku yoyendetsa zonse.

China, Ansible yomwe imabwera ndi apt pa Ubuntu 22.04 ndi yakale, ya 2.10, nde zinthu zina zomwe muziwerenga mu documentation sizigwira. Chitsanzo chomwe chinandizunguza ndi lock_timeout ya module ya apt. Ubuntu ili ndi unattended-upgrades yomwe imadzipangira yokha ma update a chitetezo, nde kompyuta ikangoyaka iyo imagwira apt, ansible-pull nayo ikubwera nthawi yomweyo nkupeza loko, playbook nkugwa. lock_timeout imaiuza kuti idikire kaye, koma inabwera mu ansible-core 2.12. Ndinangoika yatsopano ndi pipx pa makompyuta onse.

Tsopano mbali yoopsa, ndipo apa ndikufuna mumvetsere bwino chifukwa kukoma kwa ansible-pull ndi komwenso kuli ngozi yake. Chilichonse chomwe chalowa mu repo ija chigwiridwa ngati root, akaunti ya mphamvu zonse, pa makompyuta onse, popanda wofunsa. Ukalakwitsa walakwitsa ka 14. Munthu akaba akaunti yako ya GitHub watenga maofesi onse. Mukukumbuka za pa 19 July 2024, pomwe update imodzi yolakwika ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi Microsoft, ndege kuima, zipatala kusokonekera, ndipo ambiri anachita kuwakonza ndi dzanja imodzi imodzi poti kompyuta yomwe sikuyaka singatenge mankhwala pa intaneti. Ife ndi ang'ono koma nkhani yake ndi yomweyo. Ine zinandichitikirapo pang'ono, ndinasintha fayilo ya Samba, pulogalamu yogawira mafayilo mu ofesi, nkulakwitsa dzina la foda, ndinali nditathamanga osapanga --check, pofika 10 koloko mafoni atatu alowa kale kuti mafayilo sakutseguka. Mwamwayi netiweki sinakhudzidwe nde ndinakonza mu repo, ola lotsatira onse anadzichiza okha. Koma ikanakhala fayilo ya netiweki ndikanayenda dziko lonse.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi ma branch awiri, nthambi ziwiri za repo ija. Makompyuta awiri a konkuno ku Lilongwe, omwe ndingawafikire pa kabaza, amakoka branch yoyesera, ena onse amakoka yokhazikika, zimenezi umauza ndi -C. Chilichonse chatsopano chimagona kaye masiku awiri pa awiriwa. Akaunti ya GitHub ili ndi 2FA (chitsimikizo chachiwiri pamwamba pa pasiwedi), ndipo pali --verify-commit yomwe imakana kugwira ntchito ngati commit ilibe siginecha ya GPG yomwe kompyutayo ikuidziwa, kuiika kumatenga nthawi koma ndinaiika. Zokhudza netplan, SSH ndi firewall ya pa kompyutapo sindizisintha Lachisanu, ndipo sindizisintha ndisanaone kuti Tailscale ya kumeneko ikuyankha.

Nkhani ya ma pasiwedi nayo ilibe yankho lokoma. Ansible Vault imatseka zinsinsi mu repo, chabwino, koma kuti kompyuta idzitsegulire yokha ndiye kuti kiyi wa vault akhale pa kompyuta pomwepo, ndipo maofesi athuwa akuba amathyola. Nde ndimayesetsa kuti mu repo musakhale chinsinsi chomwe chingatsegule ofesi ina, ofesi iliyonse zake.

Chosowa chachikulu mu ansible-pull ndi choti siikuuza kanthu. Pokankha umaona ndi maso zobiriwira ndi zofiira, pokoka kuli zii, sudziwa ngati ya ku Zomba ikugwira bwino kapena inafa sabata yatha. Zilipo zokupatsa dashibodi, AWX ndi yaulere koma imafuna Kubernetes, kwa makompyuta 14 ndi kugula thirakitala polima dimba la kuseri kwa nyumba, ndipo Ansible Automation Platform ya Red Hat ndi ya makampani akuluakulu. Ndinayang'anakonso Salt, pulogalamu ina yofanana ndi Ansible, yomwe ma minion ake (makompyuta olamulidwa) amadziimbira okha kwa master (seva yolamula) pa port 4505 ndi 4506 ndipo umatha kuwalamula pompopompo, ndi yabwino ndithu koma ndiye kuti ndabwereranso ku seva yapagulu yoti ndiziilipira ndi kuiteteza, komanso ma port amenewo firewall ija sikanawalola. Chomwe ndinachita ndi chophweka, ntchito yomaliza mu playbook ndi ka curl kopita ku Healthchecks.io, kompyuta iliyonse ili ndi ulalo wake, ikapanda kugogoda kwa masiku awiri ndimalandira uthenga pa Telegram. Mu playbook momwemo ndinaika kuti disiki ikadutsa 85 peresenti kapena smartctl ikadandaula, igogode ndi uthenga wolephera.

Ndi ka uthenga kameneko komwe kanandiuza za ku Mangochi mwezi wa February. Masiku awiri zii, Tailscale ikuonetsa kuti offline. Ndinaimba foni, anayankha mayi amene amalemba kalata pa ofesipo.

“Achimwene, magetsi alipo kuyambira dzulo, intaneti ilipo, ine WhatsApp ndikutsegula bwinobwino, koma mafayilo aja ndi amene akukana, ndimati ndikuimbireni.”

“Chabwino amayi, ka bokosi kakuda kaja pansi pa tebulo kakuyaka getsi?”

“Kanali kozima, ndakayatsa mmawa, fani ikulira koma palibe chikusintha.”

Ndinawapempha kuti achotse monita pa kompyuta yawo nkulumikiza pa seva ija, anavutika nacho chingwe cha buluu chija cha timasikuluwu tiwiri koma anakwanitsa, nkunditumizira chithunzi. Skirini yakuda, timalemba toyera pamwamba, kunena kuti nthawi sinaikidwe, dinani F1 kuti mupitirize. Kiyibodi panalibe, ma seva anga onse alibe kiyibodi. Ka batire ka pa motherboard, ka CR2032 kaja kooneka ngati ndalama yachitsulo, kanatha, nde magetsi atathima BIOS, ka pulogalamu kodzutsa kompyuta Ubuntu isanayambe, inaiwala zonse, kuphatikizapo lamulo lija ndinaika loti magetsi akabwera iziyaka yokha. Ubuntu inali isanayambe nkomwe, nde kaya Ansible kaya Tailscale panalibe chomwe zikanachita. Amayi aja anabwereka kiyibodi nkudina F1, patangotha mphindi zochepa foni yanga inalira kuti Mangochi yagogoda, ndipo inali itatenga kale ma update onse omwe inaphonya. Batire ndinatumiza pa minibasi mu envelopu, dalaivala wa pa ofesipo ndi amene anasintha ndikumuuza pa video call, ndi kulowanso mu BIOS kubwezeretsa za magetsi zija.

Nkhani ina yomwe inandionetsa kuti njira ziwirizi zisamadalirane ndi ya makiyi. Pa Tailscale kompyuta yomwe waiika ndi akaunti yako kiyi wake amatha pakapita masiku 180, anachita dala pofuna chitetezo ndipo zinalembedwa poyera, ine ndi amene sindinawerenge. Makompyuta asanu oyambirira ndinawaika sabata imodzi, nde patatha miyezi isanu ndi umodzi anayamba kugwa mmodzimmodzi sabata imodzinso. Koma ansible-pull siidutsa mu Tailscale, imapita yokha ku GitHub, nde ndinapanga auth key yatsopano yokhala ndi tag, kuiika mu vault, kulemba ka ntchito kolowetsanso, pofika madzulo onse asanu abwerera ndipo kiyi ija ndinaifafaniza. Makompyuta okhala ndi tag kiyi wawo satha, ndiponso pa tsamba la admin pali pozimitsira zimenezi pa kompyuta iliyonse, chitani zimenezo tsiku loyamba. Zinachitikanso mbali inayo, tsiku lina ansible-pull inakanirira pa kompyuta ya ku Kasungu chifukwa foda yake ya git inaonongeka magetsi atathima ili mkati molemba, apo ndi Tailscale yomwe inandilowetsa nkufufuta fodayo kuti ikokenso.

Nde mukandifunsa kuti pa ziwirizi ndingasiye iti, ndingasiye Tailscale, olo kuti ndi imene inandisangalatsa kwambiri tsiku loyamba. Ntchito ya tsiku ndi tsiku yonse ikugwiridwa ndi ansible-pull, Tailscale ndimaitsegula mwina kawiri katatu pa mwezi pakakhala chachilendo chofuna maso. Komanso Tailscale ndi ntchito ya kampani, ndi iwo amene amasunga mndandanda wa makompyuta anu ndi kugawa makiyi apagulu, pulani yaulere ilipo koma anaipangira munthu payekha, ya bizinesi ndi yolipira mmadola pa munthu aliyense ndipo mitengo ndi malire ake zimasintha nde kaoneni nokha pa tsamba lawo musanalonjeze kasitomala. Amene simukufuna kudalira kampani kuli Headscale, yaulere, yomwe imagwira ntchito ya seva yawo ija pa makina anu, koma mwabwereranso ku VPS. Pomwe Ansible ndi git, GitHub itati yandivuta mawa ndingosamutsa repo kupita kwina nkusintha ulalo umodzi.

Zomwe sindimakonda pa Ansible zilipo. YAML imafuna kusamala ndi mipata, tab siilola, ukasuntha mzere ndi mpata umodzi tanthauzo lasintha, ndipo uthenga wa error nthawi zina umakulozera mzere wina pomwe vuto lili pamwamba pake. Ndi yochedwanso pa makompyuta akalewa, playbook yanga yonse imatenga mphindi zingapo olo palibe chosintha. Ndipo za Windows musayembekezere zambiri pa njira yokokayi, Ansible imatha kulamula Windows kuchokera kunja kudzera pa WinRM kapena SSH koma siyenda pa Windows penipeni, nde ma laputopu a Windows a mmaofesimu ndikadali pa AnyDesk. Kuphunzira kwake ngati mumadziwa kale Linux ndi SSH, ndinganene kuti sabata ziwiri za madzulo mukhala mutalemba playbook yogwira ntchito, yambani ndi kanthu kamodzi, ine ndinayamba ndi journalctl --vacuum-size ndi apt autoremove basi, zinazo ndinkaonjezera ndikakumana ndi vuto.

Za bandulo anthu amafunsanso. Kufunsa kwa git kwa ola lililonse ndi kochepa zedi, Tailscale ikangokhala nayonso siidya zambiri, chomwe chimadya ndi ma update enieniwo makamaka kernel ndi ma snap, nde ndinachotsa ma snap osafunika ndipo ma update akuluakulu ndinawaika kuti azichitika kamodzi pa sabata nthawi ya nkhomaliro, reboot ikafunika imadikira 5 koloko anthu ataweruka, ndipo imayamba yaona ngati palibe amene watsegula fayilo pa Samba.

Chomwe chikubwera kutsogoloku ndi kusamuka pa Ubuntu 22.04, poti chithandizo chake chanthawi zonse chikutha mu 2027. Awiri a ku Lilongwe ndawakweza kale kupita pa 24.04 ndipo playbook yagwira nditangosintha tizinthu tiwiri. Koma do-release-upgrade, lamulo lokwezera Ubuntu, pa kompyuta ya ku Mzuzu, ya zaka zoposa khumi, yopanda UPS yodalirika, sindiyendetsa ndili kuno ayi, imeneyo ndikwera basi mwezi wa mawa, ndanyamula kale flash, ka SSD katsopano ndi mabatire a CR2032 khumi oti ndisinthe paliponse ndidutse, ndiyambira ku Kasungu.